Waya Wokhwefuka

"Madamu, anayi? Pa makumi awiri, malikisi anayi basi?"

Kamtsutso sanagogode n'komwe. Anangokankha chitseko ndi phewa n'kuika lipoti lake patebulo. Anali wophunzira wa chaka chomaliza, wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Dzinalo anamupatsa ndi anzake m'chaka choyamba, tsiku limene anatsutsana ndi mphunzitsi wa masamu mpaka mphunzitsiyo anatola mabuku ake n'kutuluka.

"Muli bwanji kaye, mayi," anatero Mayi Mafunde. "Kapena moni nawonso anauchotsa pa silabasi?"

"Ndili bwino pang'ono, madamu. Kaya inu."

Mayi Mafunde ankaphunzitsa bayofizikisi, phunziro la mmene magetsi, madzi ndi mphamvu zimayendera m'thupi la munthu. Ophunzira ankawatchula choncho chifukwa phunziro lililonse ankaliyamba ndi mawu akuti zonse m'thupi ndi mafunde. Anali atakhala kunja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pobwerera anapatsidwa ofesi yomwe kale ankaima pakhomo pake ali wophunzira. Zenera lake linali lomwe lija losatsekeka. Magazini a sayansi m'kabati analekera chaka chimene iwo ananyamuka, ngati kuti dziko lonse linasiya kufufuza litamva kuti achoka.

Lipotilo linali la pulakitiko yoyeza magetsi a mtima. Makina a mu labu anali akale, olemba mizere papepala lalitali ngati lamba. Chaka chilichonse amene ankagona pabedi kuti amuyeze anali Bambo Mawaya, okonza makina a mu labumo, chifukwa anyamata ankachita manyazi ndi nthiti zawo ndipo atsikana sakanavula bulauzi pagulu. Bambowa anagonapo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mayi Mafunde omwe anaphunzirira pa chifuwa chomwecho.

Chaka chino papepalapo panali mipata, malo amene mzere unkangoyenda chogona osakwera. Funso lomaliza linali lakuti afotokoze mipatayo. Ophunzira makumi awiri ndi asanu ndi awiri analemba yankho la papepala la mayankho: waya wakhwefuka, mipatayo isawerengedwe. Kamtsutso yekha analemba masamba awiri athunthu otsutsa.

"Munawerenga, madamu, kapena munangoona kutalika?"

"Pakamwa pako padzakupeza tsiku lina."

"Padzandipeze, koma taonani kaye."

Anatambasula pepala la mizere lija n'kuikapo lula. Chala chake chinali ndi inki.

"Munatiphunzitsa nokha. Kaphiri kakang'onoka ndi zipinda zapamwamba za mtima zikuitana. Nsonga yaitaliyi ndi zapansi zikuyankha. Kuitana, kuyankha. Kuitana, kuyankha. Tsono onani pampatapa. Kaphiri kalipo. Kafika pa nthawi yake ndendende, ndayeza kasanu. Chimene palibe ndi kuyankha. Waya akakhwefuka amatenga zonse, madamu, sasankha. Waya sadziwa nthawi."

Mayi Mafunde anavala magalasi. Anayeza mpata woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kaphiri kanalipo paliponse, kakang'ono, kaulemu, ngati munthu wogogoda pakhomo pa nyumba imene anthu asamuka. Kunja kuja anakhala zaka zisanu ndi zitatu akuyesa timabatire toika pachifuwa cha anthu a vuto lenilenili. Akanalizindikira ngakhale atadzutsidwa kutulo. Koma malipoti anawachonga mothamanga, akuyerekeza ndi pepala la mayankho, ndipo gawo la mipatalo anawalembera ndi Bambo Mawaya. Pansi pa masamba a Kamtsutso panali mawu awo ofiira akuti, "Phunzira kumvera odziwa makina."

"Fomu ya apilo ndatenga kale," anatero Kamtsutso. "Tsiku lomaliza ndi Lachisanu masana. Malo opitirira ku digiri ya masitazi ndi amodzi, madamu, mukudziwa. Ndi anayiwa ndalephera pulakitiko yonse. Mukandipatsa anga enieni, malowo ndi anga."

"Undipatse mpaka mawa."

"Mawa ndi Lachinayi."

"Kalendala ndili nayo, mayi. Pita."

Labu inali kumapeto kwa khonde. Kale munkanunkhira mankhwala opukutira pansi, mabenchi akuwala, makina asanu ndi limodzi ali pamzere ndi nsalu zawo zobiriwira. Tsopano anatsala amodzi, amene ankakhala moyo podya ziwalo za anzawo asanu aja. Bambo Mawaya anali ataweramira pa benchi, akulumikiza waya ndi chitsulo chamoto, utsi ukuwalowa m'maso.

"Ee, Adokotala atiyendera! Tikadadziwa tikadasesa. Mwabwera kudzatiuza mmene amachitira kunja?"

"Bambo, zimitsani kaye chitsulocho."

Mayi Mafunde anayala pepala lija pa benchi n'kuloza kaphiri kamodzi. Bambo Mawaya anayang'ana kamodzi kokha, mmene munthu amayang'anira chithunzi chake chomwe. Kenako anazimitsa chitsulo n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Ndi Kamtsutso, eti?"

"Ndi iyeyo."

"Ndinadziwa. Ndikugona apa ndinkamuona akuwerenga ndi milomo. Ndinati m'mtima, lero khasu lakumana ndi mwala." Anaseka pang'ono. "Inu ndinakudutsani bwinobwino, Adokotala, ndi madigiri anu onse."

Anatsegula kabati yapansi n'kutulutsa bokosi la nsapato. Munali timipukutu ta mapepala, kalikonse komangidwa ndi labala, kolembedwa chaka. Anasankha mapepala atatu omaliza n'kuwatambasula motsatana. Pa loyamba panali mpata umodzi. Pa lachiwiri, itatu. Pa la chaka chino mipata inali isanu ndi iwiri.

"Ndiye kuti mwakhala mukudziwa."

"Mwana wanga, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mtima ndi wanga, makina ndi anga. Ndingalephere kudziwa bwanji?"

"Chizungulire mumamva?"

"Masiku ena."

"Munakomokapo?"

"Kawiri. Kamodzi kunyumba. Mayi anu, akazi anga aja, ankaganiza kuti ndayambiranso kumwa, ndipo ndinawasiya aganize choncho, n'kwabwinoko."

"Bambo, izi si zoseka. Tsiku lina kuyankhako sikudzabweranso. Mukufunika kabatire ka mtima, osati chaka chamawa, sabata ino. Tiyeni ku chipatala pompano, galimoto ili panja."

Bambo Mawaya anatulutsa chikwama cham'thumba, n'kusolola kakhadi kopindika m'mbali. Anali atapita kale, zaka ziwiri zapitazo. Ku chipatala chachikulu anawauza zomwezo, m'mawu omwewo. Koma madokotala odziwa kuika timabatireto ankabwera kamodzi pachaka, kwa sabata imodzi, n'kuthandiza anthu khumi ndi awiri, akachulukitsa khumi ndi asanu. Chaka chatha sanabwere. Pakhadipo panali nambala yawo ya pamzere wodikira, 41, yodulidwa ndi cholembera, kenako 29, yodulidwanso, kenako 17.

"Mwatsika bwanji ngati chaka chatha sanabwere?"

Bambo Mawaya anangowayang'ana. Mayi Mafunde anamvetsa kuti ena a pamzerewo anamwalira akudikira, ndipo anachita manyazi ndi funso lawolo.

"Tsono mverani," anatero bambowo. "Mndandanda umene ndili inewu ndi wa ogwira ntchito pa yunivesite. Wa anthu wamba uli ndi mayina mazana atatu ndi kanthu. Lamulo la labu ino mukulidziwa, linapachikidwa pakhomopo: woyezedwa akapezeka ndi vuto, dipatimenti idziwitse ofesi ya antchito. Ofesi ya antchito ikamva kuti wogwira magetsi amakomoka, andipumitsa mwezi womwewo. Akandipumitsa, khadi iyi alanda. Ndikayamba kumchira, kumbuyo kwa anthu mazana atatu. Mundiwerengere inu odziwa masamu, ndi zaka zingati zimenezo?"

Mayi Mafunde analoza mipata ija papepala.

"Ndiye munaphunzitsa ana kuti ndi waya."

"Ndimangogwira wayayo pang'ono, n'kunena kuti, aa, wayambanso. Amaseka, amalemba. Ana amakhulupirira munthu wa ovolosi kuposa buku."

"Apilo ya mtsikanayu ikapita ku komiti, ipita ndi pepalali. Mu komiti muli anthu atatu odziwa kuwerenga mtima."

"Simungamukonzere malikisiwo mwakachetechete?"

"Analowa kale kwa mkulu wa dipatimenti. Kusintha ngakhale limodzi, mpaka komiti ione pepala."

Bambo Mawaya anakulunga timipukutu tawo kamodzikamodzi n'kubwezera malabala.

"Ndiye khoswe wakhala pamkhate," anatero. "Mumenye, muswa mkhate. Mumusiye, akudyerani."

Madzulo a tsikulo ndi m'mawa mwa Lachinayi Mayi Mafunde anayesa zitseko zonse zimene ankadziwa. Anaimbira mnzawo wakale wa kunja, amene ankagwira naye ntchito m'chipinda chimene timabatire totere tinkakhala m'madilowa ngati mabatani a malaya. Mnzawoyo anamva chisoni kwambiri, ndipo chisoni cha pafoni n'chotchipa. Anati kabatire angatumize, koma adzaike ndani, m'chipinda chiti, ndi makina ati oonera mkati? Kumene iye anali, ntchitoyo inkatenga mphindi makumi anayi, wodwala n'kukagona kwawo tsiku lomwelo. Mayi Mafunde ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso dzina la kanjira kalikonse kamene mchere umadutsa polowa m'maselo a mtima, ndi masamu ake omwe. Zonsezo zinali m'mutu mwawo, zaudongo, zopanda ntchito ngati makiyi a nyumba imene inagwetsedwa.

Anapita ku ofesi ya antchito. Mlembi wake anali mayi wonenepa wansangala, amene ankasenda lalanje pamwamba pa mafayilo.

"Ndingofunsa chabe, achemwali. Tiyerekeze kuti wantchito wina wadwala mtima, koma akudikira opaleshoni. Angasungiridwe khadi yake ya chipatala atapuma?"

"Tiyerekeze, eti?" anatero mlembiyo akumwetulira. "Wotiyerekezayo ali ndi dzina?"

"Alibe."

"Asakhale nalo, madamu. Akangokhala nalo, ine ndiye kuti ndamva, ndipo ndikamva ndiyenera kulemba. Khadi imayenda ndi ntchito ngati mchira ndi mbuzi. Tengani lalanje."

Atabwerera anapeza Kamtsutso atakhala pansi pakhomo pa ofesi yawo, fomu ili pamiyendo, atalemba kale zonse kupatula siginecha ya mphunzitsi. Mayi Mafunde sanatsegule ofesi. Anati, "Tiye," n'kutsogola ku labu.

Bambo Mawaya anawaona akulowa ndipo anaimirira, chinthu chimene sankachitira wophunzira aliyense. Anafotokoza okha. Sanakometsere, sanachite nthabwala mpaka kumapeto. Anamuonetsa khadi ndi manambala ake odulidwa. Kamtsutso anamvetsera atagwira fomu yake ndi manja awiri.

"Ndiye ndinalondola," anatero.

"Unalondola, mwana wanga. Pa zaka zitatu, ndiwe wekha."

"Ndiye mukufuna nditani?"

Mayi Mafunde ndi amene anayankha, akuyang'ana benchi. Panali njira ina. Wolephera pulakitiko ankaloledwa kulembanso lipoti kamodzi, osadzera ku komiti. Wochonga wachiwiri ankangoyerekeza ndi pepala la mayankho. Koma wolembanso sankapitirira theka la malikisi.

"Khumi," anatero Kamtsutso. "Ndikhoza, koma malo aja apita kwa Mlongoti." Mlongoti anali mnyamata wamtali wa m'kalasi mwake amene ankamutsatira pa malikisi chaka chilichonse. "Mlongoti amene amaganiza kuti mtima uli kumanja akayang'ana pagalasi."

"Zikhoza kutero."

"Osati zikhoza, madamu. Ndawerenga kale. Ndipo kuti ndipeze khumiwo ndilembe kuti ndi waya."

Panja wina ankakoka mpando pa simenti.

"Bambo," anatero Kamtsutso, "inuyo mukuti bwanji? Musandiyang'ane choncho, nenani."

"Sindikuuza kuti usapereke fomuyo. Ndi thukuta lako. Mayi ako sanakutumize kuno kudzalera mtima wa nkhalamba." Anabweza khadi ija m'chikwama. "Koma ndikanena kuti ndikufuna upereke, ndinama. Ndili ndi mantha, mwana wanga. Usiku ndimagona dzanja lili pakhosi, ndikuwerenga. Ndatsala pang'ono kufika. Akabwera chaka chino, mwina ndilowa."

"Akapanda kubwera?"

"Ndiye udzakhala kuti wataya malo ako pachabe."

Kamtsutso anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpendero wa bulauzi kwa nthawi yaitali. Atawavalanso anatembenukira kwa Mayi Mafunde, ndipo mawu ake anali otsika kuposa masiku onse.

"Anzanga makumi awiri ndi asanu ndi awiri atuluka pano akudziwa kuti chimenechi ndi waya. A chaka chatha, a chaka chinacho, chimodzimodzi. Ena ali m'zipatala pano, akuyang'anira makina ngati omwewa. Tsiku lina adzaona kaphiri kopanda yankho pa mayi wa munthu, n'kugwedeza waya, n'kunena kuti wayambanso. Zimenezo mwaganizapo?"

Bambo Mawaya anakhala pansi pang'onopang'ono. Zinaoneka kuti anali asanaganizepo, kapena anaganizapo kwambiri.

"Ndidzawaphunzitsa m'kalasi," anatero Mayi Mafunde. "Ndi chithunzi cha m'buku."

"N'kuzindikira onse kuti anachionapo kale pa chifuwa cha bambowa? Mlongoti ndi wopusa, koma si onse."

"Ndiye ndidikira abambo alowe kaye opaleshoni."

"Ife tidzakhala titamaliza, madamu. Mudzawalembera makalata?"

Kunja kuja Mayi Mafunde ankatchuka kuti sasowa yankho, ndipo pamisonkhano anthu ankaopa dzanja lawo likakwera. Apa anaima pakati pa nkhalamba ndi mtsikana, manja ali lende ngati mlendo pamaliro a anthu osawadziwa.

"Fomu yako ndisayina ukafuna," anatero. "Sindikukaniza. Ndinalakwa ndine, ndipo ku komiti ndikanena choncho."

"Ee, mundisiyire ineyo," anatero Kamtsutso. "Akuluakulu awiri, mmodzi wa madigiri atatu, wina wa zaka makumi atatu, katundu mwamusenzetsa wa magalasi a ulusi." Anapinda fomu ija pakati n'kutuluka osatsanzika.

Lachisanu m'mawa Mayi Mafunde anaphunzitsa za kuthamanga kwa magazi m'mitsempha yopapatiza. Analakwitsa masamu pa bolodi kawiri ndipo palibe anawakonza. Mpando wa Kamtsutso unali wopanda munthu. Atabwerera ku ofesi anakhala akuyang'ana wotchi, osadziwa chimene akuchiyembekezera, osadziwanso chimene akanakonda.

Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu, anamva kugogoda. Kamtsutso analowa, maso ali ofiira, n'kuika pepala limodzi patebulo. Silinali fomu. Linali lipoti latsopano, tsamba limodzi, zilembo zazikulu zosamalika ngati za mwana wa pulayimale. Masamu onse anali olondola. Pa funso lomaliza panali mzere umodzi: "Mipatayi yabwera chifukwa cha waya wokhwefuka, ndipo isawerengedwe."

"Chongani ndili pompano, madamu. Ndikufuna ndione."

Mayi Mafunde anatenga cholembera chofiira. Anachonga funso loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lomaliza dzanja linaima.

"Likugwirizana ndi pepala la mayankho," anatero Kamtsutso. "Ndakopera liwu ndi liwu."

Anachonga. Pamwamba analemba 10, n'kuzunguliza.

"Zikomo, madamu. Ndaphunzira zambiri chaka chino."

"Mayi, tamvera. Chaka chamawa malo akatsegulidwanso, ndidzakulembera kalata imene..."

"Chaka chamawa ndidzakhala ndikuphunzitsa sayansi ku sekondale ina yake, ngati andilemba. Musavutike." Anafika pakhomo n'kuima, osatembenuka. "Muwauze bambo aja asamakwerenso makwerero aja okonzera magetsi a kudenga. Atume Mlongoti, n'zimene anabadwira."

Atapita, Mayi Mafunde anaika lipotilo mu envelopu ya wochonga wachiwiri n'kumata. Chitseko chinatsala chotsegula. Patapita kanthawi anamva mapazi pamasitepe a kumapeto kwa khonde, olemera, a nsapato zantchito, limodzi ndi kulira kwa bokosi la zitsulo. Bambo Mawaya ankakwera kuchokera ku chipinda chosungiramo katundu cha pansi. Anakwera asanu ndi atatu, asanu ndi anayi, kenako zii.

Mayi Mafunde anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayamba kuwerenga chamumtima. Pa zinayi anadzuka. Pa zisanu ndi chimodzi anali pakhomo. Pa zisanu ndi ziwiri bokosi lija linaliranso, mapazi n'kupitiriza, ndipo mutu wa imvi unatulukira pamwamba pa masitepe.

"Mwaima pakhomo ngati mukudikira mkamwini, Adokotala. Kwagwanji?"

"Palibe, bambo. Ndimangofuna mphepo."

"Zenera lanu lija silikukwanirani?"

Anadutsa akuseka, akupuma mokoka, n'kulowa mu labu. Mayi Mafunde sanabwerere patebulo. Anakoka mpando wawo n'kuuika pafupi ndi chitseko, pamene akanamva bwino za m'khonde, n'kuyamba kuchonga ntchito ina pamiyendo.